Tinapeleka Moni Kumwamba, Manje Tiphunzile Kumvetsela

Ambili a ise sitidziwa kuti Cinyanja cinacoka kale pa dziko lino. Mu 1977, bungwe la NASA ku America linatumiza zombo ziwili m'mlengalenga, Voyager 1 na Voyager 2, ndipo pa ciliconse anamangililapo cimbale cokutidwa na golide. Pa cimbaleco pali nyimbo, zithunzi, phokoso la mvula na mphepo, komanso moni wa m'zinenelo 55. Ziwili mwa zinenelozo ni za kuno kwathu: Cinyanja na Ciila. M'moni wa Cinyanja, munthu afunsa anthu a ku mapulaneti ena kuti ali bwanji. Lelo Voyager 1 ili pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni, kutali kuposa cinthu cina ciliconse cimene munthu anapangapo, ndipo moni wathu uli nayo komweko.

Kwathu, munthu akapeleka moni amaimilila kuti amve yankho. Wopeleka moni n'kupitilila osayembekezela timati alibe mwambo. Pa nkhani yosakila zamoyo kunja kwa dziko lapansi, ise tacita ndendende zimenezo. Liwu lathu linapita, koma nchito yomvetsela tinaisiyila ena, ise n'kutsala na mavidiyo a "ma alien" a pa TikTok. Tiona kuti nthawi yakwana yakuti acinyamata a kuno tilowe m'nchitoyi, ndipo coyamba ni kudziwa mmene yankho lenileni lingaonekele.

Palibe amene ayembekezela kuti wina adzatola cimbale ca Voyager posacedwa. Combo cimeneci ciyenda makilomita 17 pa sekondi, koma kuti cithe mtunda wofika pa nyenyezi yoyandikana kwambili na dzuwa lathu, cifunika zaka zoposa 70,000. Kumvetsela kwenikweni kucitika m'njila zina. Asayansi ambili a nkhaniyi sayembekezela anthu obiliwila a maso aakulu monga a m'mafilimu. Asakila tuzilombo tosaoneka na maso, kapena zizindikilo zimene tuzilomboto tumasiya m'miyala na mu mpweya. Cifukwa cake cili pansi pano. Dziko lathu lili na zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo zamoyo zakhalapo kwa zaka zosacepela 3.5 biliyoni, koma pa nthawi yaikulu ya zakazo kunali tuzilombo cabe. Nsomba, mitengo na anthu ni obwela dzulo.

Conco osakila amatsatila madzi. Galimoto ya NASA yochedwa Perseverance inatela pa Mars mu February 2021, m'cigwa ca Jezero mmene kale munali nyanja. Combo ca Europa Clipper cinanyamuka mu October 2024 kupita ku Europa, mwezi wa Jupiter umene uli na nyanja pansi pa madzi oundana, ndipo cidzafika mu 2030. Ena amayangana kutali kwambili. Mu 1995, Michel Mayor na Didier Queloz anapeza pulaneti yoyamba yozungulila nyenyezi ina yofanana na dzuwa, ndipo lelo mapulaneti otelo odziwika apitilila 5,000. Imodzi mwa iwo ili na dzina la kwathu. Mu 2019, Zambia inapatsidwa mwayi wocha nyenyezi HD 85390 na pulaneti yake, ndipo nyenyeziyo inachedwa Natasha, pulanetiyo Madalitso.

Mpaka pano, palibe umboni wotsimikizika wakuti kwina kuli zamoyo. Koma panjila pacitika zinthu zophunzitsa. Mu 1996, asayansi ena a NASA analengeza kuti mwala wocokela ku Mars, umene unapezeka ku Antarctica, uli na tunthu tooneka monga zotsalila za tuzilombo. Ngakhale pulezidenti Bill Clinton anakambapo. Anzawo ataupima mwalawo, anaonetsa kuti tunthu totelo tungapangike popanda camoyo ciliconse. Mu 2020, gulu la Jane Greaves linati laona mpweya wa phosphine m'mitambo ya Venus, ndipo ena atabwelezanso masamu, cizindikilo cija cinacepa kwambili moti mkangano ukalipo. Mu April 2025, gulu la Nikku Madhusudhan ku Cambridge linati telesikopu ya James Webb yaonetsa mpweya umene pansi pano umapangidwa maka-maka na tuzamoyo twa m'nyanja, pa pulaneti K2-18b. Pasanapite nthawi, magulu ena anatenga manambala amodzimodziwo n'kunena kuti umboniwo ni wofooka.

Wina angaone monga asayansi angosokonezeka. Ise tiona mwambo wabwino: wakamba cinthu, aika manambala ake poyela, ndipo anzake amayesa kumugwetsa. Cikapilila, ndiye cayamba kukhala coona. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yelekezelani na mmene timacitila m'magulu athu a WhatsApp. Vidiyo ya kuwala kogwedela usiku ikafika, timaitumiza kwa anthu 20 tisanafunse kuti anajambula ndani, kuti, komanso liti. Kambili cimakhala ndege, Venus, kapena mzele wa masetilaiti a Starlink. Khutu limene sililekanitsa phokoso na uthenga silingamve yankho, ndipo ni khutu lomwelo limene limagwa m'manja mwa ogulitsa mankhwala ocilitsa matenda onse na olonjeza kuculukitsa ndalama m'masiku atatu.

Tidziwa zimene ambili anganene, cifukwa nafenso timakhala m'makomboni amodzimodzi. Malaiti apita maola ambili, thumba la unga lakwela, omaliza maphunzilo angokhala panyumba, ndiye tizikamba za Europa? Funsoli n'lomveka, ndipo sitikamba kuti boma licotse ndalama ku zipatala kuti ligule loketi. Koma onani maluso amene nchitoyi ifuna. Ifuna munthu wodziwa kupima tunthu tocepetsetsa m'madzi na m'dothi, wodziwa miyala, wodziwa kulemba mapulogilamu a kompyuta osefa manambala ambili-mbili. Mu February 2025, damu la zinyalala za mumgodi litagumuka pafupi na Chambishi, madzi a asidi analowa mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mu Kitwe madzi a m'mipopi anatsekedwa kwa kanthawi. Pa nthawi ngati imeneyo dziko limafuna ana ake odziwa kupima madzi n'kukamba zoona pa zimene apeza. Ni luso limodzimodzi. Ndipo tuzilombo tumene tumakhala m'madzi a asidi a m'migodi, n'kumadya citsulo na sulufule, n'tumene asayansi amaphunzila ku mtsinje wofiila wa Río Tinto ku Spain pofuna kudziwa mmene camoyo cingakhalile pa Mars. Zinthu zimene ena amakwelela ndege kukaphunzila, ife tili nazo ku Copperbelt.

Khomo nalonso si lotseka. Ku Karoo, ku South Africa, kuli telesikopu ya MeerKAT ya madishi 64, imene inatsegulidwa mu 2018, ndipo pulojekiti ya Breakthrough Listen imaseŵenzetsa madishi amenewa posakila mauthenga a wailesi ocokela ku nyenyezi zina. Kumeneko n'kumenenso amanga mbali ya telesikopu yaikulu ya SKA, ndipo Zambia ili pa maiko 8 a mu Africa ogwilizana na South Africa pa nchitoyo. Pulogilamu ya DARA yaphunzitsako kale acinyamata a kuno sayansi ya zakuthambo yoseŵenzetsa wailesi. Liwilo la mumcenga n'kuyambila pamodzi. Tikayembekezela kuti mavuto onse athe, tidzapeza malo onse ali na eni ake.

Palinso cifukwa cina cimene tifunika kudziwila nkhaniyi tekha. Anthu olemela monga Elon Musk amakamba za kumanga mzinda pa Mars, ndipo acinyamata ambili amamva monga kuli nyumba yaciwili imene tidzathawilako dziko lino likawonongeka. Manambala akamba zina. Pa avaleji, Mars imazizila kufika madigili pafupifupi 60 pansi pa zilo. Mpweya wake ni wopepuka, sufika na 1 pelesenti ya wa pansi pano, ndipo pafupifupi wonse ni carbon dioxide. Dothi lake lili na mcele wapoizoni, ndipo ulendo wopita cabe umatenga miyezi 7. Caka ca cilala coipitsitsa ku Gwembe cikali paladaiso pociyelekezela na tsiku labwino kwambili pa Mars. Zimene kusakila kumeneku kwationetsa mpaka pano n'zakuti tuzilombo tungapilile malo oopsa, koma malo amene munthu angapume, kumwa na kulima tidziwako amodzi cabe. Wophunzila za Mars mozama amabwelako na ulemu waukulu pa mtsinje wa Kafue.

Mu 1964, mphunzitsi komanso womenyela ufulu Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti Zambia idzatumiza anthu ku mwezi na ku Mars. Anali kuphunzitsa acinyamata mwa kuwagubuduza m'dilamu pa citunda, ndipo anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni amene sanapatsidwe. Dziko linamuseka, ndipo loketi yake sikanafika kulikonse. Koma iye anakana kuvomeleza kuti thambo lili na eni ake. Cimene cinamusowa ni zipangizo na maphunzilo, ndipo zina mwa zimenezo lelo zili m'thumba mwathu. Pa webusaiti ya Zooniverse pali pulojekiti ya Planet Hunters TESS, mmene munthu aliyense wokhala na intaneti angayangane kuwala kwa nyenyezi n'kuthandiza kupeza mapulaneti atsopano, osalipila ciliconse. Ku UNZA na ku Copperbelt University amaphunzitsa physics na chemistry.

Conco pempho lathu n'losavuta. Vidiyo ya "ma alien" ikafika pa foni, tifunse kumene yacokela tisanaitumize. Mng'ono wathu akati afuna kuphunzila physics, tisamufunse kuti adzadya nyenyezi kodi. Amene tili m'makoleji tifunse aphunzitsi athu za DARA na SKA, ndipo tilembe makalata ofunsila malo akatuluka. Mwina yankho la moni wathu lidzabwela monga kadontho pa mwala wa ku Mars kapena kamzele kocepa pa kompyuta, ndipo mwina silidzabwela m'moyo wathu. Koma likabwela, pakati pa anthu odzaliwelenga na kutsimikizila kuti n'loona padzakhale wina wa ku Matero, ku Kapata kapena ku Chimwemwe.