MAGANIZO ATHU: Makolo a ku Chongwe Athandize Aphunzitsi pa Tsiku la Maroketi

Bwalo la ndeke lalikulu koposa onse m'dziko lino, la Kenneth Kaunda International Airport, limene linatsegulidwa mu 1967, liri m'boma la Chongwe. Cotero ana a m'midzi ya kumeneko amakula akuona ndeke zikukwera ndi kutera tsiku ndi tsiku. Ambiri a iwo amafunsa kuti cinthu colemera conco cimakwera bwanji kumwamba, koma amene amalandira yankho ndi owerengeka. Masukulu ambiri a kumidzi alibe zipangizo zokwanira zophunzitsira sayansi, ndipo mwana amangoloweza mau a m'buku osaona ndi maso ake cimene mauwo atanthauza.

Pali njira yochipa imene aphunzitsi a m'maiko ambiri amagwiritsa nchito, ndiyo kuulutsa roketi ya madzi pa bwalo la sukulu. Amatenga botolo la pulasitiki la malita 2, nathiramo madzi okwana gawo limodzi mwa magawo atatu, natseka pakamwa pake ndi citsekerero cobowola cimene alowetsamo valuvu ya chubu ca njinga. Botolo amaliimika cozondoka pa kathabwa, ndipo amapopa mpweya ndi pampu ya njinga. Mpweya ukapanikizika kwambiri, citsekerero cimafwamphuka, madzi amatuluka mwamphamvu kulinga pansi, ndipo botolo limathamangira kumwamba kupitirira mitengo. Lamulo lake analilemba Isaac Newton mu 1687: cinthu cikakankha cinzake, naco cimakankhidwa ndi mphamvu yofanana kulinga kwina. Lamulo lomwelo ndilo linanyamula roketi imene inapereka anthu ku mwezi mu Julayi 1969.

Nchito imeneyi mphunzitsi mmodzi sangaithe. Kuyambira mu 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi adzaza ndi ana, ndipo munthu mmodzi sangapope mpweya, kuyang'anira ana ndi kulemba zotsatira pa nthawi imodzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndico cifukwa cake tikupempha makolo ndi anthu onse a m'midzi yozungulira masukulu kuti adzipereke pa tsiku lotere popanda kuyembekeza malipiro.

Palibe amene anganene kuti alibe cothandiza naco. Wokonza njinga ali ndi pampu ndi mavaluvu akale, ndipo amadziwa kutseka pamene mpweya ukuthawira kuposa mphunzitsi. Mmisiri wa matabwa angakhome kathabwa koimikapo botolo. Wa sitolo angasonkhanitse mabotolo a zakumwa amene amangotayidwa m'njira, pamodzi ndi makatoni odulira zipsepse za roketi. Amai ndi abambo ena angatunge madzi, ndipo popeza m'cilimwe madzi amasowa ku Chongwe, ndi bwino kudziwa kuti ngakhale madzi otsukira mbale amagwira nchito, ndiponso kuti kuulutsa kamodzi sikutha ngakhale lita imodzi. Agogo amene mphamvu zinawathera angakhale pa mzere ndi kuletsa ana kuyandikira, pakuti mwana amamvera mau a munthu wamkulu wa m'mudzi mwake.

Za ngozi tiyenera kunena mosabisa. Munthu asabweretse onga kapena mankhwala ena oyaka pa sukulu, cifukwa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala udzu umakhala wouma, ndipo kamoto kakang'ono kangathe kupsereza chire ndi nyumba zofolera udzu. Botolo la galasi lisagwiritsidwe nchito, cifukwa likasweka limavulaza maso. Botolo la pulasitiki long'ambika kapena lofooka ndi dzuwa litayidwe. Roketi iloze ku bwalo lopanda anthu, kutali ndi mseu ndi mawaya a magetsi, ndipo munthu asaweramire pamwamba pake mpweya ukalowa kale. Malamulo amenewa ndi apafupi, koma amasungika pokhapokha pakakhala akulu okwanira.

Tikudziwa kuti ena adzati amenewa ndi masewera, ndipo munthu wa nchito zake sangataye tsiku kukaonerera mabotolo. Tiyeni tione cimene mwana amacita pa tsikulo. Amayeza madzi, amawerenga kuti wapopa kangati, amayeza ndi mapazi kapena cingwe pamene botolo lagwera, ndipo amalemba m'kope. Kenaka amasintha cinthu cimodzi cokha, monga kucepetsa madzi kapena kupendeketsa botolo, naulutsanso kuti aone kusiyana kwake. Posacedwa amapeza yekha kuti botolo lodzaza madzi limalemera ndipo lopanda madzi silipita patali. Mlimi wanzeru amacita cimodzimodzi pamene abzala mbeu ziwiri m'mizere yoyandikana kuti aone yobereka bwino. Mwana wozolowera kuyesa ndi kulemba sadzanamizidwa msanga pa sikelo kapena pa thumba la feteleza.

Tisaiwalenso kuti za m'mlengalenga zinalowa kale m'munda. Nkhani za nyengo zimene timamva pa wailesi zimadalira zithunzi zojambulidwa ndi masetilaiti, ndipo masetilaitiwo anakwezedwa ndi maroketi. Cilala ca 2024, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale caka comweco, cinatikumbutsa kuti dziko lifunika ana ake odziwa kuwerenga zithunzi zimenezi ndi kucenjeza alimi nthawi ikalipo.

Dziko lathu liri ndi mbiri yake pa nkhani imeneyi. Mu 1964, caka ca ufulu, a Edward Mukuka Nkoloso, amene anali mphunzitsi ndiponso womenyera ufulu, anasonkhanitsa acinyamata pa famu ina kunja kwa Lusaka ndi kuyamba kuwaphunzitsa za ulendo wa ku mwezi. Anali kuwagubuduza pa citunda ali m'kati mwa mgolo wa mafuta, ndipo anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7,000,000, amene sanawalandire. Anyuzipepala a kunja anawaseka kwambiri, ndipo roketi yawo sinauluke. A Nkoloso anamwalira mu 1989. Anthu amaweruza mosiyanasiyana za iwo, koma cimodzi ncoonekeratu: anali ndi cikhumbo cacikulu, koma zipangizo ndi akatswiri owathandiza analibe. Ana athu lero ali ndi mabuku ndi aphunzitsi odziwa masamu ake. Cimene cingawabweze m'mbuyo ndi kusekedwa ndi akulu ao omwe.

Pothandizira palipo kale. Makalabu a JETS, amene anayamba m'dziko lino mu 1968, amacititsa mipikisano ya sayansi kuyambira pa sukulu mpaka pa dziko lonse, ndipo roketi ya madzi yoyezedwa bwino ingathe kupita nayo patali sukulu ya kumudzi. Ku Chalimbana, m'boma lomweli la Chongwe, aphunzitsi akhala akuphunzitsidwa kuyambira mu 1939, ndipo tsopano kuli yunivesiti. Tikupempha ophunzira a kumeneko kuti azipita ku masukulu oyandikana nao kukagwirana manja ndi makolo. Nthawi yabwino iriponso: bungwe la United Nations linapatula masiku a 4 mpaka 10 Okutobala caka ciri conse kukhala sabata la za m'mlengalenga, ndipo masiku amenewa amafika mvula isanagwe, nchito ya kubzala isanayambe.

Atsikana asasiyidwe kumbuyo kuti azingotunga madzi pamene anyamata akupopa. Mwana ali yense apatsidwe mpata wogwira pampu, woyeza ndi wolemba.

Tsono tikupempha nyakwawa za m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya, akulu a machalichi ndi makomiti a makolo ndi aphunzitsi kuti aike nkhani imeneyi pa msonkhano wao wotsatira. Asankhe tsiku, alembe maina a odzipereka, ndipo ali yense adziwe cimene adzabwera naco. Mphunzitsi wamkulu akatumiza kalata yoitana makolo, ipeze anthu okonzeka kale.