Maganizo a Mkonzi: Mapulogalamu a maphunziro afikire mwana aliyense

Mapulogalamu okweza maphunziro m'sukulu za boma akukhazikitsidwa motsatizana, koma ana ambiri akufikabe Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga bwino.

Udindo waukulu uli m'manja mwa okonza mapulaniwa. M'boma limodzi muli ana osiyanasiyana: wa m'tauni, wa m'mbali mwa nyanja, woyankhula Chiyao kapena Chisena kwawo, komanso wovutika kumva kapena kuona. Ndondomeko yowatenga onsewa ngati ofanana imasiya ena m'mbuyo kuyambira tsiku loyamba. Opereka thandizo nawonso asamakhutire ndi mwambo wotsegulira. Mabuku ongokhala m'makatoni mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu sathandiza mwana.

Aphunzitsi ojomba ayenera kudzudzulidwa, koma n'kulakwa kusenzetsa mlandu wonse mphunzitsi amene ali yekha ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Makolo ndi mafumu asadzipatule. Mwana wotumidwa kumsika kapena kokolola pa tsiku la sukulu, palibe pulogalamu imene ingamupindulire.

Tikufuna kuti aphunzitsi atsopano azitumizidwa kaye kusukulu zakutali, ndipo nyumba zawo zimangidwe. Tikufuna kuti ndalama zotukulira sukulu zizilembedwa poyera, kholo lililonse lione momwe zagwirira ntchito. Ifenso tiyeni tizifika pa misonkhano ya komiti ya sukulu, tizifunsa kuti ana angati akutha kuwerenga teremu ino, ndipo tisachoke tisanayankhidwe.