Msonkho wa Nyumba ndi Kalata ya Booth



Muno mu Australia nyengo ya msonkho imayamba pa 1 Julaye, ndipo amene amadzilembera okha mafomu ayenera kutsiriza pofika pa 31 Okutobala. Ambiri timangoti msonkho ndi nkhani ya boma, ilibe malo m'nyumba ya Mulungu. Koma werengani Nehemiya 5. Anthu anabwera akulira chifukwa anapinyolitsa minda yawo kuti apeze ndalama za msonkho wa mfumu, ndipo Nehemiya anadzudzula akuluakulu pamaso pa gulu.

Kulira kumeneku sikunathere m'Baibulo. Mu 1525 alimi osauka a ku Germany anasonkhana ku Memmingen, nalemba zopempha 12. Anati chakhumi cha tirigu adzaperekabe, koma chisamalire m'busa, chotsala chipite kwa amphawi. Anakana ukapolo ponena kuti Khristu anawombola anthu onse. Anakananso msonkho wolanda katundu wa amasiye mwini nyumba akamwalira.

Kwathu nako zinachitika, ndipo amene anaziyamba anachokera kuno. Joseph Booth, wa mpingo wa Baptist, anasiya malonda ake ku Melbourne nafika ku Nyasaland mu 1892. Anatsegula mishoni pa Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Mnyamata amene ankamugwirira ntchito ya m'nyumba anali John Chilembwe. Amene timakolopa m'nyumba za eni tisamadziyese achabe.

Masiku amenewo makolo athu ankalipira msonkho wa nyumba. Wosowa ndalama ankapita kukalima m'minda ya azungu, ndipo ena anawawotchera nyumba. Mu 1899 Booth analemba kalata yopempha kwa Mfumukazi Victoria. Anapempha kuti ndalama za msonkho wa nyumba zigwire ntchito yophunzitsa ana a eni dziko, ndiponso kuti pakatha zaka 21 dziko libwerere m'manja mwa eni ake. Bwanamkubwa Alfred Sharpe anafuna kumugwira, iye nathawira kudziko la Apwitikizi. 

Onani bwino, abale. Alimi aja ndi Booth sanati msonkho uthe wonse. Anafunsa kuti ndalamayo ikupita kuti, nanga ikufinya yani.

Ife tsono? Wina akakupatsani ndalama ya m'manja mutachapa ndi kusesa, musaibise polemba mafomu. Aroma 13 amatiuza kupereka msonkho kwa woyenera msonkho. Ndalama yomweyo ndiyo imayendetsa zipatala ndi masukulu amene ana athu akupitako kuno ku Perth. Wobisa zake alibenso pakamwa pofunsira ena.

Ndipo mukapereka, funsani. Mukamaimba foni kumudzi, funsani ngati mankhwala alipo kuchipatala, ngati ana akuphunzirabe pansi pa mtengo. Limbikitsani achibale kufunsa makhansala ndi aphungu awo mopanda mantha. Mwana wosalira amafera pamsana.

Sabata ino tipempherere olamulira a kuno ndi a kwathu, kuti thukuta la amphawi lisadyedwe ndi anthu ochepa.

Mtendere. Ameni.