Intaneti Ikamachedwa Tiyambe Taona Kompyuta

Intaneti ikayamba kuchedwa, ambiri timathamangira kudzudzula kampani yomwe imatigulitsa intanetiyo. Komatu nthawi zina vuto limakhala mu operating system, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta.

Kompyuta ikamalandira uthenga, imauza inzake yotumiza kuchuluka kwa zomwe ingatumize isanamve kuti zafika. Pa Windows XP malire amenewa sankapitirira 64 KB pokhapokha munthu atawasintha yekha. Pa intaneti ya setilaiti, pomwe uthenga unkatenga pafupifupi theka la sekondi kupita ndi kubwerako, malirewa ankachititsa kuti fayilo itsike pa liwiro la pafupifupi megabiti imodzi pa sekondi, ngakhale mwini wake atalipira zochuluka bwanji. Windows Vista, yomwe idafika pamsika mu 2007, idayamba kukulitsa malirewa payokha. Nayo Linux mu 2016 idalandira BBR, njira ya Google yoyeza liwiro la mzere m'malo modikira kuti uthenga utayike.

Choncho sukulu zathu zisanawonjezere ndalama za intaneti, ziyambe zaunika makompyuta awo. Kugula intaneti yodula makompyuta akuyendera pulogalamu yakalekale n'kutungira madzi m'dengu.