Posankha nyumba ya lendi ku Lilongwe, yambani mwafunsa za madzi

Chaka chilichonse ophunzira ambiri a m'sukulu za ukachenjede amapita ku Lilongwe pa nthawi ya tchuthi kukachita atachimenti m'maofesi a boma ku Capital Hill, m'mabungwe a ku City Centre kapena m'makampani a ku Kanengo. Amene ali ndi achibale mumzindamu amangofikira kwa amalume kapena kwa azakhali. Enafe timayenera kufuna chipinda cha lendi cha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo funso limene timafunsana limakhala lomwelomwelo: kodi ndikakhale ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 kapena kwa Mgona? Poyankha, ambiri timayang'ana zinthu ziwiri zokha, mbiri ya dzina la deralo ndi mtengo wa lendi. Maganizo anga ndi akuti ziwirizi zimanamiza. Munthu wofuna nyumba m'madera amenewa ayambe wafunsa za madzi: mvula ikagwa madzi amadzera kuti, nanga akumwa amachokera kuti.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe taona mmene mzindawu unakhalira. Lilongwe anakhala likulu la dziko lino mu 1975, ndipo amene anajambula mapulani ake anaumwaza m'zigawo zotalikirana: Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi. Pakati pa zigawozi pakudutsa mtsinje wa Lilongwe, umene umachokera ku Dzalanyama, mtsinje wa Lingadzi, ndi timitsinje tina monga Mchesi ndi Nankhaka. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindamu. Anthu ochuluka chotere sanapeze onse malo abwino omangapo. Mapuloti a kumtunda atatha, ena anatsikira m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo ambiri a iwo anamanga ndi zidina. Zipinda zambiri zotsika mtengo zimene wophunzira angakwanitse zimapezeka m'malo oterewa.

Vuto lake ndi lakuti madzi a ku Lilongwe amabisala. Mu mzinda wa Venice ku Italy, kumene ngalande ndizo misewu, mlendo wofuna nyumba ya tchuthi amawaona madziwo tsiku lomwe wafika, ndipo amadziwa kuti nthawi zina amalowa m'nyumba, monga anachitira mu Novembala 2019 pamene anakwera mpaka masentimita 187. Kwathu kuno munthu akapita kukaona nyumba mu Ogasiti amapeza fumbi lokhalokha. Kamtsinje kali kuseri kwa nyumbayo kamaoneka ngati ngalande yotayiramo zinyalala, moti ana amakadumpha posewera. Koma akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira kwa Mtandire mpaka asilikali anachita kupulumutsa anthu ena pa helikopita. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anaononga nyumba kwa Biwi, ku Kawale, ku Mchesi ndi kwa Chipasula, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Mu Januwale 2019 madera omwewa anaonanso zomwezo.

Apa ndi pamene dzina la dera limasocheretsa. Munthu akati "ndimakhala ku Kawale" sananene zambiri, chifukwa ku Kawale kuli nyumba za kumtunda zimene madzi sanazifikepo chimangireni, kulinso zina zimene eni ake sagona tulo mvula ikamagwa usiku. Chimodzimodzi kwa Biwi ndi ku Area 23. Nyumba ziwiri zotalikirana mamita ochepa chabe zikhoza kusiyana kwambiri kuposa mmene Chinsapo amasiyanirana ndi Area 25. Tsono m'malo mokangana kuti dera labwino ndi liti, wofuna nyumba ayende yekha wapansi kuzungulira puloti imene akufuna kukhalapo. Aone ngati nyumbayo ili pamwamba kapena pansi pa msewu. Ayang'ane m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyezi kapena pulasitala wofundukuka. Matumba a mchenga ounjikidwa pakhomo, kapena kakhoma kakafupi komangidwa kutsogolo kwa chitseko, ndi umboni wakuti madzi anayesapo kulowa. Zimenezi dobadoba amene akukuonetsani nyumbayo sangakuuzeni, poti iye akufuna yake ya m'thumba. Amene angakuuzeni zoona ndi mayi wogulitsa tomato pafupi kapena mnzanu wa lendi amene wakhalapo dzinja limodzi. Paja safunsa anadya phula.

Funso lachiwiri ndi la madzi akumwa, ndipo limeneli limakhudza ngakhale amene atachimenti yawo yagwa m'chilimwe. Madzi a m'mipopi mumzindamu amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, umene umadyetsedwa ndi madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo amagawidwa ndi Lilongwe Water Board. Koma si nyumba iliyonse ili ndi mpopi wake. M'madera monga kwa Chinsapo ndi kwa Mgona mabanja ambiri amagula madzi pa ndowa m'makiyosiki, ena amatunga pazitsime zokumba pamanja. Kiyosiki ili ndi nthawi yake yotsegulira ndi yotsekera. Wophunzira amene amanyamuka m'mamawa ndi kubwerako dzuwa litalowa akhoza kuipeza yotseka mbali zonse ziwiri, ndipo mapeto ake amalemba munthu womutungira kapena amatembenukira kuchitsime. Pamene pali mpopi umodzi wa puloti yonse, funsani kuti madzi amatuluka nthawi yanji ndiponso bilu imagawidwa motani, pakuti mikangano yambiri ya anthu a lendi imayambira pamenepa.

Chitsime nachonso chili ndi funso lake: chatalikirana bwanji ndi chimbudzi? Pa puloti yokhala mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi, zimbudzi zokumba zimadzadza msanga, ndipo mvula ikagwa madzi a pansi amasakanikirana. Sitinaiwale kolera amene anayamba mu Malichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Lilongwe anali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri, moti mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za mumzindawu ndi za ku Blantyre. Ndipo pasakhale wina woganiza kuti dera la dzina lomveka ndi chishango. Mu Julaye 2017 anthu a ku Area 18, dera limene ambiri timalisirira, analandira m'mipopi mwawo madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madzi akayankhidwa, ndiye tibwere pa mtengo, koma tiuwerenge wonse. Lendi yeniyeni ndi ndalama ya mwini nyumba kuphatikiza ya madzi, ya makala, ya mayunitsi a magetsi ndi ya ulendo. Popeza mzindawu ndi womwazika, ndalama ya ulendo ndi imene imapha. Minibasi zambiri zimathera mu depoti ya ku Old Town. Choncho amene wapeza chipinda chotchipa ku Area 23 kapena kwa Chinsapo pamene ntchito yake ili ku Kanengo ayenera kukwera minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera. Pa mwezi wa masiku 22 ogwira ntchito, ameneyo walipira kondakitala ka 88, pamene mnzake wokhala ku Area 25 walipira ka 44, ndipo wa kwa Mgona mwina wangoyenda wapansi. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, aliyense wokwera minibasi kapena kabaza akudziwa mmene mitengo imasinthira msanga, makamaka mafuta akasowa. Kwa amene ntchito yake ili ku Old Town, chipinda cha ku Kawale kapena kwa Biwi, ngakhale chikwerepo pang'ono, chikhoza kukhala chotchipa pomaliza chifukwa angathe kuyenda wapansi. Ngakhale pa ulendopa madzi akubweranso, pakuti njira yachidule ya m'chilimwe yodutsa pa kamlatho ka mitengo imatsekeka mu Januwale.

Ndikudziwa kuti ena anganditsutse. Anganene kuti wophunzira wodalira ngongole ya boma ndi kangachepe kochokera kumudzi alibe mwayi wosankha, amangolowa pamene thumba lake lamulola. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo sindikuipeputsa. Eni nyumba ambiri amafuna ndalama ya miyezi itatu nthawi imodzi, madobadoba nawonso amafuna yoonetsera nyumba. Komabe wosauka ndi amene ayenera kusamala kwambiri, chifukwa alibe pothawira. Madzi akalowa m'chipinda usiku amatenga matiresi, laputopu yobwereka, zolemba za kafukufuku ndi masatifiketi, ndipo ndalama ya miyezi itatu ija siibwerera. Sabata imodzi ya kutsekula m'mimba ikhoza kuononga lipoti la atachimenti limene munthu waliyembekezera zaka zitatu. Kuli bwino ophunzira awiri kapena atatu asonkherane ndi kupanikizana m'chipinda chimodzi cha kumtunda kusiyana ndi kuti aliyense akhale ndi chake m'dambo.

Ena anganene kuti chofunika kwambiri ndi chitetezo, makamaka kwa atsikana, ndipo madera ena ali ndi mbiri ya umbanda. Sindikukana. Koma mbiri ya dera lonse siikuuzani za njira imene inuyo mudzadutse madzulo kuchokera pa siteji kukafika pakhomo. Njira imeneyo muyiyende nokha dzuwa litalowa musanapereke ndalama, muli ndi mnzanu. Ndaonanso kuti nkhani ya chitetezo siitalikirana ndi ya madzi. Mtsikana amene ayenera kudzuka usiku kukadikira mpopi wa kunja kwa mpanda, kapena kupita kubafa ya kuseri kopanda nyali, ali pa chiopsezo ngakhale deralo litakhala ndi mbiri yabwino.

Pali enanso amene anganene kuti zonsezi ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda, imene iyenera kukonza ngalande, kuchotsa zinyalala ndi kuletsa anthu kumanga m'mphepete mwa mitsinje. Ndikuvomereza, ndipo ife ophunzira tiyenera kulankhulapo molimba mtima pa nkhani imeneyi. Nazonso sukulu zathu zikanathandiza zikanamasunga mndandanda wa nyumba zimene ophunzira a m'mbuyomu anakhalamo bwino, kuti atsopano asamayambire pachabe chaka ndi chaka. Koma zimenezi zimatenga nthawi, pamene atachimenti imayamba mwezi wamawa.

Pomaliza, sindingauze mnzanga kuti dera lakutilakuti ndilo labwino kuposa onse, chifukwa m'dera lililonse mwa asanu ndi limodzi aja muli nyumba zabwino ndi zoipa. Ndingamuuze kuti asankhe mbali ya mzinda yoyandikana ndi kuntchito kwake, kenako m'mbali imeneyo afune puloti ya kumtunda, yokhala ndi madzi odalirika ndi chimbudzi chotalikirana ndi chitsime. Akakhutira ndi zimenezi, ndiye ayambe kunenerera mtengo ndi mwini nyumba, ndipo zimene agwirizana azilembe papepala pamaso pa mboni.