Za Oweruza Nchito ya Amisiri Ojambula

Ife a kuno ku Kasungu tidziwa kuti pa msika wa fodya wa ku Chinkhoma munthu wosadziwa tsamba sangathe kuweruza belo la mnzake. Chomwechonso amisiri ojambula zizindikiro, masitampa ndi mbendera akachita mpikisano, woweruza wao ayenera kukhala mmisiri wokalamba nayo nchitoyo, wodziwa mitundu ndi miyeso, makamaka mtima wa eni dziko.

Tikumbukire mbendera yathu. Pa 6 July 1964 inakwezedwa ili ndi dzuwa lofiira lotuluka pamwamba. M'chaka cha 2010 Boma linaika dzuwa loyera lathunthu pakati, lilikuti dziko latukuka. Koma ambiri anang'ung'udza kuti sanafunsidwe, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inabwezera yakale ija. Chojambula chingakongole chotani, chikapanda kulowa m'mitima ya anthu sichikhalitsa.

Tsono tikupemphani inu makolo: mukapeza mwana alikujambula ndi khala pa chipupa, musafulumire kuthyola mkwapulo, pakuti muli oweruza ake oyamba. Mpatseni pepala, muyamike chokoma, mumlangize pamene waphonya. Akulu anati, kuongola mtengo m'poyamba.