NDENDE SI MANKHWALA A MLANDU ULIWONSE



1. Tikulemberani kalata iyi pa nkhani imene ambiri a ife sitifuna kuimva: nkhani ya anthu amene tinawatsekera ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba ndi ku Mzuzu, n'kuwaiwala. Tikunena mosapsatira mau kuti ndende, monga momwe tikuigwiritsira ntchito m'dziko muno, yalephera. Yakwana nthawi yoti tiyambe kuichepetsa, ndipo ntchito imeneyi iyambire m'midzi ndi m'miphakati mwathu.

Ganizo lothetsa ndende

2. Mu 1974 katswiri wa ku Norway, Thomas Mathiesen, analemba buku la kuthetsa ndende, ndipo mu 2003 Angela Davis wa ku America anatulutsa lake lofunsa ngati ndende zikufunikabe. Anthuwa sakunena kuti mawa m'mawa titsekule zipata zonse. Mfundo yawo ndi yakuti ndende imangobisa mavuto amene amabala milandu, monga umphawi, ulova ndi uchidakwa, koma siiwachiza. Choncho tiyenera kumanga njira zina zokonzera cholakwa, mpaka ndende idzasowe ntchito. Kwa ife Amalawi izi si zachilendo. Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa ndi atsamunda mu 1935, pamene makolo athu anali atazolowera kale kuweruza pabwalo, wolakwa n'kulipa, mabanja n'kuyanjana. Sitikuti zonse za makolo zinali zabwino, pakuti mwabvi unapha anthu osalakwa, koma nzeru yobweza chimene chaonongeka tisaitaye.

Zimene zikuchitika m'ndende zathu

3. Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano, bwalo lalikulu linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza yonyoza ulemu wa munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. N'zomvetsa chisoni kuti pofika 2019 akaidi anali akadali oposa kawiri chiwerengero chimene ndendezo zingasunge. Ambiri amachezera usiku wonse ali chikhalire, wina pakati pa miyendo ya mnzake, kagonedwe kamene eni ake amati shamba. Kawirikawiri amadya kamodzi patsiku, ndipo chifuwa chachikulu chimafala mosavuta. Boma limene silimvera chigamulo cha bwalo lake lomwe lingaphunzitse bwanji wakuba nkhuku kulemekeza malamulo?

4. Nanga ndani amene amalowa m'menemo? Mu 2015 Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa ku Blantyre pa mlandu wa vakabu akupita ku malonda ake m'bandakucha. Mu 2017 bwalo lalikulu linathetsa ndime imene anamumangira, ponena kuti ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Mlandu umenewu unaonetsa poyera kuti nthawi zambiri chimene timamanga ndi umphawi. Wolemera amapeza loya ndi belo. Wosauka amakhala pa rimandi miyezi, ngakhale zaka, mlandu wake usanamveke. Ndipo mayi amene anaberedwa mbuzi sapindula kanthu: mbuzi yake siibwerera, ana a wakubayo amasiya sukulu, ndipo mnyamatayo amatuluka ataphunzira umbava weniweni.

Nanga opha anzawo ndi ogwirira ana?

5. Funso limeneli ndi loyenera. Alipo anthu amene ayenera kupatulidwa kuti ena atetezeke. Tikutsutsa kwathunthu mchitidwe wokambirana mlandu wogwirira mwana kuseri kwa nyumba, n'kuuthetsa ndi chipepeso cha nkhuku. Kumeneko ndi kugulitsa mwana. Tikutsutsanso amene amaotcha woganiziridwa kuba, chifukwa kumeneko ndi kupha. Koma milandu yoopsayi isakhale chifukwa chotsekera aliyense wolephera kubweza ngongole kapena wokangana ndi mnzake pa malire a munda.

Zimene tingachite

6. Njira zilipo kale. Kuyambira mu 2000 mabwalo athu ali ndi mphamvu yolamula wopalamula mlandu waung'ono kuti agwire ntchito zachitukuko akuchokera kunyumba kwake. Mu 2008 bungwe la PASI linayamba kuphunzitsa amkhalapakati a m'midzi kuyanjanitsa anthu kwaulere. Choncho tikupempha oweruza kuti asathamangire kutumiza anthu kundende, apolisi kuti alemekeze lamulo lofikitsa womangidwa kubwalo pasanathe maola 48, ndi boma kuti likwaniritse chigamulo cha 2009.

7. Kwa inu abale ndi alongo tikuti: mphakati uliwonse usankhe amuna ndi akazi anzeru oyanjanitsa anthu mkangano usanafike kupolisi, ndipo wolakwiridwa ayambe ndiye kumvedwa. Funsani za m'bale wa m'mudzi mwanu amene ali pa rimandi, muthandize banja lake kulima. Akatuluka mulandireni, mumpatse ganyu, pakuti amene watsekeredwa khomo ndi mudzi wonse amabwerera kumene wachokera.

Mau otsiriza

8. Tiyeni tileke kuyesa chilungamo ndi kuchuluka kwa anthu amene tawatsekera. Tichiyese ndi mbuzi zimene zabwezedwa ndi mabanja amene ayanjana. Tisaiwale mau a akuluakulu: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.